Thobwa la Mwazini

Ulusi unakananso kulowa. Che Twalibu anaunyambita, anaupota ndi zala, n'kuulozetsa pa bowo la singano. Koma mabowo anali awiri, ndipo onse awiri ankasuntha.

"Kodi atelala, mukusoka kapena mukuwedza usipa?" anafunsa mayi amene ankadikira diresi lake pa benchi. "Ukwati wake ndi wa mawa, si wa chaka chamawa."

"Pepani mayi, maso akalamba," anatero Che Twalibu.

Anatseka diso limodzi ndi chikhatho, mabowo aja anabwerera kukhala limodzi, ulusi n'kulowa. Anapalasa makina pang'ono, koma msoko unayenda mokhotakhota ngati njira ya kudimba. Mayi uja anauyang'ana, anatsonya, anapinda nsalu yake, n'kuchoka osatsanzika.

Pa Ulongwe panalibe munthu wosawadziwa Che Twalibu. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale ina moyang'anana ndi siteji ya minibasi. Koma chimene chinawatchukitsa si makina ayi. Iwo ndiwo anali mwazini wa mzikiti wa kuseri kwa msika, woitanira anthu ku swala, mapemphero a Asilamu. Mawu awo, inu, ngakhale Akhristu ogulitsa tomato ankayamba aleka kukuwa malonda kuti amvetsere. Ntchitoyo inalibe malipiro, koma mukadawafunsa kuti asankhe pakati pa makina ndi azana, kuitanira anthu ku swalako, makinawo akadakupatsani ulere.

Panali chinthu china chimene ambiri sankachidziwa. Che Twalibu anali ndi matenda akugwa kuyambira ali mnyamata. Achipatala anawapatsa mapiritsi akumwa m'mawa ndi madzulo, ndipo chiyambire kuwamwa, mwana wawo Maryam akuyamwa, anali asanagweponso. Tsopano Maryam anali pabanja ku Balaka, ali ndi pakati. Koma kuyambira pamene mango ankachita maluwa, thupi la Che Twalibu linasintha. Tulo tinkawagwira masana, lilime linkalemera, pansi pankapendekeka akamayenda. Kugwa sankagwa, koma ankayenda ngati munthu wotuluka m'shabini.

Anatsegula botolo la thobwa limene akazi awo, a Habiba, ankawakonzera m'mawa uliwonse. Anamwa pang'ono kuti mwina mphamvu zibwere, anafunditsa makina ndi chitenje, n'kuuyamba wa kumzikiti. Linali tsiku la Ijumaa, Lachisanu, pamene mzikiti umadzaza mpaka panja.

Atagwira maikolofoni, lilime linawakanira. Mawu opatulika aja anatuluka pa chokuzira mawu mokokeka, ena akumezeka, ngati wailesi yotha mabatire. Ku siteji anyamata a kabaza anaphulika ndi phwete, ndipo phwetelo linamveka mpaka kumzikiti. Che Twalibu anamaliza movutikira. Potsika pa masitepe phazi linaphonya, iwo n'kukagwera pa mulu wa nsapato za anthu pakhomo.

Swala itatha, Shehe Zubairu anaitana akuluakulu pansi pa mtengo wa mango pabwalo la mzikiti. Anthu ena sanachoke. Paja anthu a pa Ulongwe, kuli nkhani yotere, ngakhale wasiya ndiwo pamoto amati zipserere.

"Che Twalibu," anayamba Shehe motsitsa mawu, "takhala tikumva zambiri koma tinkakana. Lero taona ndi maso. Tiuzeni zoona pamaso pa Allah. Mwayamba kulawa?"

"Astaghfirullah," anatero Che Twalibu. "Chibadwire, dontho la mowa silinadutsepo pakhosi panga. Ndikudwala, Shehe. Chimene chikundidwalitsa sindikuchidziwa."

"Matenda ake oyenda chammbali ngati nkhanu?" anatero mkulu wina kumbuyo. "Angowanunkhiza m'kamwa, nkhani ithe."

Shehe anatembenukira kwa Che Sufiyani, wogula chimanga wa pamsika, amenenso anali m'komiti ya mzikiti. Che Sufiyani anali mchimwene wawo wa a Habiba. Che Twalibu anali mkamwini pamudzi pawo, ndipo nkhoswe ya banjalo kuchikazi anali Che Sufiyani omwewo.

"Tisawachititse manyazi ndi munthu wapadera," anatero Shehe. "Che Sufiyani, awa ndi alamu anu. Inu simungawanamizire."

Mtima wa Che Twalibu unakhala pansi. Anayasamula pamaso pa anthu onse aja ngati mwana wa kusikelo, bambo wa imvi, chipewa chili m'manja. Che Sufiyani anawerama, ananunkhiza, n'kuweramuka pang'onopang'ono.

"Ine fungo la mowa sindilidziwa bwino," anatero, maso ali kumbali. "Koma kafungo kalipo. Kowawira."

Anthu anang'ung'udza. Che Twalibu anatembenuka kufuna nkhope ina iliyonse yowakhulupirira. Cha pa thanki ya madzi, pagulu la amayi, anaona a Habiba ataimirira, atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango. Maso awo atakumana, a Habiba anayang'ana pansi.

"Mupumule kaye," anagamula Shehe. "Azana aziitana wina kufikira nkhaniyi itayera."

Madzulo a tsikulo Che Twalibu anakhala pa mkeka pakhonde, chakudya osachikhudza.

"Amake Maryam, inu mumagona nane nyumba imodzi. Munandionapo ndikumwa?"

"Iyayi."

"Nanga bwanji simunanene? Mukadangouza akazi a Shehe, mawu amodzi okha."

"Ine munthu wamkazi ndikadalankhula chiyani pabwalo la amuna?" anatero a Habiba akusenda chinangwa, mpeni ukuthamanga. "Pirirani, abambo ake Maryam. Zimenezi zitha. Ndikumva mumtima mwanga kuti zatsala pang'ono kutha."

Che Twalibu anawayang'ana akazi awo n'kuwamvera chisoni. Anaganiza kuti manyazi ndi amene awamanga pakamwa.

Masabata otsatira anali owawa. Amene anasiya nsalu anabwera kudzazitenga, ena mwaulemu, ena mwachipongwe. Ana asukulu akamadutsa pakhonde paja ankayerekeza kuyenda modzandira, n'kuthawa akuseka. Anyamata a pa siteji anawapatsa dzina lakuti Mwazini wa Kachasu. Koma chowawa koposa chinali nthawi ya swala, chokuzira mawu chikatsegulidwa n'kumveka mawu a munthu wina. Pamenepo Che Twalibu ankaweramira pa makina ngati akuthira mafuta, kuti anthu asaone misozi.

Atapita kukatenga mapiritsi pachipatala chaching'ono, wopereka mankhwala anaona mayendedwe awo n'kuwauza kuti apite kuchipatala chachikulu ku Balaka. A Habiba anati palibe chifukwa chotayira ndalama ya minibasi, koma ataona kuti amuna awo atsimikiza, anavala n'kuwaperekeza. Botolo la thobwa analiika m'chikwama monga mwa masiku onse.

Dokotala amene anawaona anali mayi wachitsikana, dzina lake Clementina. Anawauza Che Twalibu kuti ayende motsata mzere wa simenti pansi, chidendene chikugunda chala. Sanathe. Anawauza kuti atsate cholembera ndi maso mutu osatembenuza, iye akuyang'anitsitsa m'masomo.

"Bambo, mumamwa mowa?"

"Nanunso adokotala?" anatero Che Twalibu.

"Pepani, ndimayenera kufunsa. Ndakukhulupirirani. Mapiritsi anu aja mwawonjezera?"

"Iyayi. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, monga kale."

"Pali mankhwala ena amene mwayamba kumwa chaka chino? A kugolosale, a kufamase, opatsidwa ndi mnzanu?"

"Palibe."

"Nanga a zitsamba? Mizu, makungwa, masamba, za m'mabotolo zogulitsa m'basi zija?"

"Ine za asing'anga ndinazisiya ndili mnyamata. Anandicheka mphini mutu wonse koma kugwa sikunathe. Chinandithandiza ndi mapiritsi anuwa."

Clementina anaika cholembera patebulo.

"Ndikuuzeni chifukwa chake ndikukakamira funsoli. Zimene ndikuona pa inu, kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, zimachitika mankhwala anu omwewa akachuluka m'magazi. Mankhwala tikamwa sakhala m'thupi mpaka kalekale. M'chiwindi muli tinthu tina, ife timati maenzaimu, timene timagaya mankhwala kuti thupi liwataye akamaliza ntchito. Chiwindi chili ngati chigayo. Ife timayeza mapiritsi molingana ndi mmene chigayo chanu chimayendera. Tsono pali zitsamba zina zimene zimachedwetsa chigayocho. La dzulo lisanagayidwe, la lero lafika, matumba n'kumangounjikana pakhomo. Piritsi lomwe lija limene linkakuchizani limayamba kukuledzeretsani."

"Kundiledzeretsa," anabwereza Che Twalibu.

"Eya. Palinso zitsamba zina zimene zimathamangitsa chigayo, mankhwala n'kumatha msanga, munthu n'kuyambiranso kugwa ngakhale akumwa mokhulupirika. Sindikunena kuti chitsamba chilichonse n'choipa. Ndikunena kuti chikakumana ndi mapiritsi m'chiwindi, ine ndiyenera kudziwa." Anatembenukira kwa a Habiba. "Mayi, ophika ndinu. Palibe chimene mumathira m'phala kapena m'tiyi kuti bambowa apeze mphamvu? Musaope, pano si pa polisi."

"Iyayi, adokotala," anayankha a Habiba. "Ine ndingathirenji?"

"Akazi anga sangachite zimenezo," anawonjezera Che Twalibu, ndipo ananena monyadira.

"Chabwino. Titenga magazi tione chiwindi ndi impso. Tikapanda kupeza kanthu ndiyenera kuchepetsa mapiritsi, koma ndikhala ndikuchepetsa mumdima. Ndikachepetsa mopitirira, mukhoza kugwa, mwina pamsewu, mwina pamoto. Ndiye ngati mwakumbukira china chake, bwererani mudzandiuze."

Atatengedwa magazi anakakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda wa chipatala. Dzuwa la Okotobala la ku Balaka silichita nthabwala. Posakhalitsa Maryam anafika pa kabaza, atamva pa foni kuti makolo ake ali m'tauni. Anatsika movutikira, dzanja lili m'chiuno, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, mwaonda bwanji! Akuti chiyani adokotala?"

"Akuti chigayo changa chafooka," anatero Che Twalibu, akumwetulira koyamba patapita nthawi. "Khala pansi, mayi. Taona milomo yauma gwa. Imwa thobwa la amako, suja unkalirira uli mwana."

Anatulutsa botolo m'chikwama, analitsegula, n'kumupatsa. Maryam analikweza kukamwa.

"Usamwe!"

Dzanja la a Habiba linafika mawu asanathe. Botolo linauluka n'kukagwa pafumbi, thobwa likukhuthukira pansi. Mayi wogulitsa nthochi pafupi anatembenuka. Maryam anatsala dzanja lili m'mwamba, kukamwa kuli yasa.

Che Twalibu anayang'ana thobwa likulowa m'dothi. Kenako anayang'ana akazi awo. Maso awo ankaona a Habiba awiri, ndipo onse awiri ankanjenjemera.

"Amake Maryam. Thobwa limene ine ndimamwa tsiku ndi tsiku, mwana wanu asamwe chifukwa chiyani?"

"Ali ndi pakati."

"Wapakati samwa thobwa chiyambire liti?"

A Habiba anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kuyamba kulira. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, mawu akudukaduka. Maryam atangotenga pakati, kuchimuna kunamveka manong'onong'o akuti mwanayo adzabadwa ndi matenda a agogo ake. Che Sufiyani ndiwo anapita kwa sing'anga wina kumapiri a Chikala, n'kubwerako ndi mizu. Sing'angayo anati matendawa ayenera kuzulidwa mwa mwini wake mwana asanabadwe. Koma mankhwalawo anali ndi lamulo lake: wodwala asadziwe. Akangodziwa, matenda amachoka mwa iye n'kudumphira kwa mwana wa m'mimba. A Habiba ankaphika mizuyo kuseri kwa khitchini, madzi ake n'kuthira m'thobwa, shuga wambiri kuti kuwawa kusamveke.

"Mutayamba kudzandira ndinachita mantha," anatero a Habiba. "Ndinawauza achimwene. Anabwerera kwa sing'anga, iye anati ndiye kuti matenda akutuluka, tiwonjezere."

"Munawonjezera?"

A Habiba anagwedeza mutu kuvomera.

"Amayi," anatero Maryam, manja atagwira mimba, "ndiye mwana wanga asanabadwe n'komwe, mwamusenzetsa kale mlandu wa ababa?"

Che Twalibu sanakweze mawu. Akadakuwa mwina zikadapepuka.

"Zothira m'thobwa ndazimva. Munkaopera mdzukulu, ndi wanganso. Koma ndiyankheni ichi. Tsiku lija pansi pa mango, ine nditayasamula pamaso pa mzikiti wonse, inu muli pa thanki paja, munkadziwa?"

"Ndinkaopa lamulo lija, abambo ake Maryam."

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo alamu ankalidziwa fungo limene ankanunkhiza."

A Habiba anabisa nkhope mumpango, Che Twalibu n'kupitiriza.

"M'chipinda muja adokotala anena kuti ndikhoza kugwera pamoto. Inu munali pa mpando pambali panga. Ine n'kumakuikirani kumbuyo ngati chitsiru." Anapukusa mutu. "Ine telala ndimadziwa kuti nsabwe imabisala mumsoko wa malaya amene wavala. Koma sindinkafufuza malaya anga."

Anawerama, anatola botolo lija lili ndi thobwa pang'ono pansi pake, n'kuuyamba wobwerera m'chipatala. A Habiba anadzuka kuti awagwire mkono. Iwo anauchotsa, n'kugwira phewa la Maryam.

Clementina sanakalipe. Ananunkhiza botolo, n'kulitseka.

"Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa muzu umene uli umu, kapena chimene umachita paokha. Koma nthawi imene munayamba kumwa ndi nthawi imene munayamba kudwala zikugwirizana. Thobwa ili lithere pano. Mapiritsi musasiye, ngakhale tsiku limodzi. Tikugonekani masiku angapo kuti tione mmene thupi likubwerera." Kenako anayang'ana Maryam. "Ndipo iwe usade nkhawa. Matenda akugwa sadumphira munthu chifukwa chakuti wina waulula chinsinsi. Upitirize sikelo."

Patapita masiku angapo, Che Twalibu anatuluka m'chipatala akuyenda mowongoka. Pofika sabata yachiwiri ulusi unkalowa pa singano kamodzi n'kamodzi. Thupi linachira, koma dzina linali likadali m'matope, ndipo chokuzira mawu chinkalankhulabe ndi mawu a munthu wina.

Tsiku lina Che Twalibu anakawapeza Che Sufiyani pa shedi yawo ya chimanga, akuyang'anira sikelo.

"Alamu! Alhamdulillah, mwawongoka. Khalani pa thumbapo."

"Sindikhala. Tiyeni kwa Shehe mukanene fungo limene munamva."

Che Sufiyani anawakokera kuseri kwa matumba.

"Tsitsani mawu. Ife tinkafuna kukuthandizani, alamu. Mutu umodzi susenza denga."

"Denga lake munandigwetsera pamutu. Tiyeni kwa Shehe."

"Taganizani bwino. Ine ndili m'komiti. Shehe amalalikira Ijumaa iliyonse zoletsa asing'anga a malamulo oterewa. Ndikaime pamaso pawo ndinene kuti ndinakwera phiri la Chikala kukatenga mizu? Anthu adzanditenga bwanji?"

"Monga ananditengera ine."

"Zanu ziiwalika. Anthu aona okha kuti mukuyenda bwino. Madzi akatayika saoleka, alamu. Nkhani za m'nyumba zithere m'nyumba. Ngati muli ndi dandaulo ndi mlongo wanga, njira mukuidziwa, mubwere kwa ankhoswe tikambirane."

Apa Che Twalibu anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Nkhoswe yake inali yomweyo imene inaima patsogolo pawo, ufa wa chimanga uli m'ndevu. Mlandu wa mbuzi ukaupititse kwa fisi?

"Dzina lanu ndi la galasi, langa ndi la dothi," anatero. "Zikomo alamu, ndamva."

Akadatha kupita okha kwa Shehe. Anaganizapo kangapo. Koma mawu a munthu woganiziridwa mowa ndani akadawamvera popanda mboni? Ndiponso kukanena kunali kukavula akazi awo pagulu, mayi wa mwana wawo. Anasankha kukhala chete. Kunyumba ankalonjera, ankayankha akafunsidwa, ankasiya ndalama ya ndiwo pa mbale monga kale. Chakudya chodyera mbale imodzi ndi ena ankadya. Koma chilichonse chowakonzera iwo okha, kaya tiyi, kaya phala, sankachikhudza. M'mawa uliwonse a Habiba ankaika botolo la thobwa pakhonde pafupi ndi nsapato zawo, ndipo m'mawa uliwonse Che Twalibu ankavala nsapato n'kulidutsa. Ludzu likawagwira pa makina, ankagula thobwa la pamsika kwa mayi wina amene ngakhale dzina lake sankalidziwa.

Lachinayi lina masana Shehe Zubairu anafika okha pakhonde la golosale, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Akazi anu anabwera kwathu dzulo," anatero. "Anagwada pabwalo, dzuwa lili pamutu, n'kunena zonse pamaso pa ine ndi akazi anga. Za mizu, za Chikala, za achimwene awo. Ife tinakulakwirani, Che Twalibu. Ine ndi amene ndinakuyasamulitsani pagulu, ndipo ndikupepesa. Mawa ndidzauza jamaa yonse, onse obwera kudzaswali, kuti munkadwala, simunamwe. Maina a ena sinditchula, za Che Sufiyani tikambirana m'komiti. Azana ya mawa ndi yanu."

Che Twalibu anagwira gudumu la makina.

"Adzakhulupirira?"

"Ena adzakhulupirira. Ena adzati mwangosiya kumwa. Pakamwa pa anthu palibe chitseko."

M'mawa wa Ijumaa anavala mkanjo woyera umene anausita okha. Atatuluka pakhonde anapeza a Habiba atakhala pafupi ndi nsapato, botolo lili m'manja.

"Ndamva kuti munapita kwa Shehe," anatero Che Twalibu. "Mwachita bwino. Zikomo."

"Ili ndi la mapira ndi chimera basi," anatero a Habiba. "Onani." Anatsegula, anamwa kwambiri, anapukuta pakamwa, n'kuwapatsira ndi manja awiri. "Kukhosi kukhale kofewa poitana."

Che Twalibu analiyang'ana botolo lija. Anadziwa kuti munalibe kanthu. Anadziwanso kuti mayi ameneyu anawasamala zaka zonse, kuwakumbutsa mapiritsi, kuwabisira matenda kwa anthu. Anafuna kutambasula dzanja, koma dzanja linakana.

"Ndikudziwa kuti ndi labwino, amake Maryam. Vuto si thobwa. Ndikati ndimwe, ndimakuonani muli pa thanki paja mutayang'ana pansi."

"Ndiye mudzamwa liti?"

"Sindikudziwa."

Anavala nsapato n'kutsika pakhonde.

Dzuwa litafika pamutu chokuzira mawu chinatsegulidwa, ndipo mawu akale aja anamveka pa Ulongwe ponse, oyera, osagwedera. Amayi a tomato analeka kukuwa. Ku siteji mnyamata wina wa kabaza anati, "Mwazini wa Kachasu wabwerera," anzake ena anaseka, ena anamuletsa.

A Habiba sanapite kumzikiti tsiku limenelo. Anamvera azana yonse ali pakhonde pomwe paja, mpaka mawu omaliza. Kenako anatenga botolo, anakakhuthulira thobwa m'chiwaya cha nkhuku, analitsuka bwinobwino, n'kuliyanika pa thandala kuti mawa adzathiremo lina.